Anamutsekera M'kanyumba ka Kachasu

Luckness anadikira Loweruka limenelo kwa zaka ziwiri, koma litayandikira anayamba kuliopa ngati tsiku la mlandu. Akwawo kwa Godwin, bwenzi lake la kumapiri a Ntchisi, ankabwera kudzamufunsira kwa amalume ake. Akanakhala mtsikana wina wa ku Nachisaka, bwenzi ali kalikiliki kulukitsa tsitsi ndi kuyesa zitenje. Koma iye Lachinayi masana anali chilili pamjigo, ndowa itadzaza kalekale mpaka kusefukira, maso ali pafoni.

Uthengawo unachokera kwa Princess, mtsikana woimba kwaya limodzi ndi mayi ake a Godwin. Princess ameneyu mumtima mwake anali atasoketsa kale diresi la ukwati, chimene chinkasowa ndi mwamuna yekha basi.

"Zabwino zonse mkwatibwi. Ndamva kuti kamlongo kako katuluka kuchipatala cha amisala. Usavutike ndi kubisa, amayi ake a Godwin ndawafotokozera kale zonse. Ine sindingaonerere mayi wanga wa kumpingo akupusitsidwa."

Luckness anawerenga katatu. Elifala, mlongo wake wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, sanali wamisala. Anakhala miyezi itatu ku Lilongwe, kumalo othandiza achinyamata kusiya mowa ndi chamba, ndipo anali atangobwerako sabata yathayo. Koma pakamwa pa anthu ndani angaikepo chitseko?

Vuto la mwanayu linayambira pakhomo pomwepo. Bambo atamwalira, mayi awo, a Nambewe, anayamba kutcheza kachasu kuti ana adye. Eni akewo mowa sankaulawa, ankati ndi tchimo. Choncho madontho oyamba akagwa m'botolo ankaitana Elifala, apo n'kuti ali kamwana ka zaka khumi ndi chimodzi. "Talawa apa, wakhwima?" Kamwanako kankachita tsinya, makasitomala n'kumafa ndi phwete. Pofika zaka khumi ndi zinayi sankadikiranso kuitanidwa. Chamba chinabwera pambuyo, sukulu inathera pomwepo, ndipo mu Epulo Luckness anamutola m'chigafa cha fodya atauma gwa, thovu lili kukamwa. Tsiku limenelo analumbira kuti mlongo wakeyo salowa m'manda iye akuona.

"Mowa asauyandikire, ngakhale fungo lake lokha," anatero mayi Roza, mlangizi wa kumaloko, tsiku limene Elifala ankatuluka. A Nambewe anagwedeza mutu ngati munthu womva. Atafika kumudzi anangosamutsira zigubu zawo m'kanyumba ka kuseri, n'kugula loko. Kwa iwo kusiya kunali kumeneko.

* * *

Godwin anaimba foni dzuwa litapendeka. Luckness anathamangira kuseri kwa nkhokwe, kumene netiweki imagwirako bwino.

"Laki, mawu ako akumveka ngati umalira."

"Princess anali kwanu dzulo?"

"Anangowabweretsera amayi zitumbuwa."

"Unadya?"

"Chimodzi chokha. Chinali chosapsa n'komwe."

Likanakhala tsiku lina Luckness akanaseka. Mnyamatayu anamukondera zomwezo, kuseketsa munthu ngakhale pamaliro. Koma lero mtima unali m'mwamba.

"Godwin, usazungulire. Amayi ako akuti chiyani?"

Mnyamatayo anausa moyo. "Akuti Loweruka abwera nawo."

"Mayi wa mwamuna pofunsira mbeta? Zinayamba zachitika kuti zimenezo?"

"Amalume Agustino awaletsa mpaka atopa. Akuti akufuna adzamuone Elifala ndi maso awo. Ukudziwa mmene amaganizira akuluakulu. Akuti mlongo wa mkazi ndiye mwini mbumba. Ana athu akadzalakwa wowaweruza ndi iyeyo, akadzakula nkhoswe yawo ndi iyeyo. Ndiye akuti zidzukulu zawo sangazisiye m'manja mwa chidakwa."

Mawu akuti chidakwa anamubaya Luckness pamtima.

"Nanga iwe unawayankha chiyani?"

"Ndinati anasiya."

"Anasiyadi. Ukanamuona mmene amavutikira m'mawa, manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Koma sapempha. Amangotenga khasu n'kupita kudimba. Akulimba mwana uja, Godwin."

"Ndiye amuone. Asathawe, asabisale. Adzawapatse moni ngati munthu, zotsalazo undisiyire ine. Koma Laki, uzindiuza zoona zokhazokha. Ine ndikulimbana ndi mayi wondibala chifukwa cha mawu ako."

"Ndinayamba ndakunamizapo?"

"Ayi. N'chifukwa chake ndikubwera."

* * *

Lachisanu Luckness anapita kumsika n'kumugulira Elifala shati yoyera ya pakaunjika. Atamuyesa inamukulira m'mapewa, pakuti mwanayo anali atangotsala mafupa. Komabe anadziyang'ana pakagalasi kothyoka n'kumwetulira, kumwetulira kumene mlongo wake anali atakuiwala.

"Achemwali, powapatsa moni ndigwade kapena ndingonjuta?"

"Unjute, uombe m'manja, uyankhe zimene akufunse. Basi."

"Nanga akandifunsa za ku Lilongwe?"

"Uwauze. Sunabe cha munthu iwe, unapita kukachira."

"Lero ndi tsiku langa la 97 osalawa kanthu. Ndiwauze zimenezonso?"

"Zimenezo ndiye uyambire."

A Nambewe ankasankha nyemba pakhonde, makutu ali kuno. Anaika lichero pansi.

"Ana inu mulibe nzeru. Mlendo samuonetsa chilonda. Mawa ameneyu alawirire kwa azakhali ake ku Dzoole, abwereko alendo atapita."

"Amayi, anthuwo akubwerera iyeyu."

"Akubwerera iwe! Akangoona kuwonda kumeneku ndi maso ofiirawa, ukwati wathera pomwepo. Ine ndakulera ndekha mwana iwe, utsi wa pamoto uja wandimaliza maso. Ndikufuna ndikuone ukulowa m'banja ngati ana a anzanga. Ndalakwa pamenepo?"

"Simunalakwe. Koma Elifala sapita kulikonse."

Mayiwo anatola lichero lawo osayankha, ndipo Luckness anayesa kuti wapambana. Anaiwala kuti a Nambewe akakhala chete ndiye kuti nkhani ayimaliza okha mumtima.

* * *

Loweruka kunacha ndi mphepo ya mwera, fumbi lili koboo. Alendo anafika cha m'ma naini. Luckness anauzidwa kukhala kuchipinda mpaka ataitanidwa, monga mwa mwambo. Godwin naye anatsalira kumsewu pafupi ndi mjigo, akulondera njinga zamoto, pakuti mwini nkhani sakhala nawo pabwalo lotere.

Pazenera Luckness ankamva mawu a amalume ake, a Yosefe, akucheza ndi a Agustino. Akuluakulu a kwathu kuno safulumira. Anayambira pa mvula ya chaka chatha, anadzera pa fodya ndi feteleza, mpaka anakafika pa maliro a mkulu wina wa ku Mponela amene onse awiri ankamudziwa. Dzuwa linafika paliwombo nkhani yeniyeni asanayikhudze.

"Zikuyenda?" unafunsa uthenga wa Godwin.

"Akadali pa feteleza."

"Elifala wawapatsa moni?"

"Mawu ake sindinawamve. Mwina akudikira kuitanidwa."

Anatumiza uthengawo, koma mtima unakana kukhazikika. Chiyambire m'mawa sanamve mwanayo akutsokomola, pamene Elifala ankatsokomola ngati nkhalamba.

Kenako anamuitana. Anatuluka atazyolika, n'kugwada kumapeto kwa mphasa. Chimene ankaona ndi mapazi okha: nsapato za tayala za amalume ake, jombo za a Agustino, ndi nsapato zakuda zopukutidwa bwino zimene ngakhale fumbi linkaopa kuterapo. Zimenezo zinali za a Nachisale, mayi ake a Godwin.

"Mwana wanga," anayamba a Yosefe, "alendowa akuti tambala wawo waona msoti pakhomo pano. Mnyamata wotchedwa Godwin wa ku Ntchisi ukumudziwa?"

"Pepani akuluakulu, ndilowererepo," anadula a Nachisale. "Asanayankhe, mlongo wake ali kuti? Ine mapiri onsewa ndawolokera ameneyo."

"Wapita ku Dzoole," a Nambewe anayankha mofulumira. "Azakhali ake adwala mwadzidzidzi."

Luckness anadzutsa mutu, chinthu chimene mbeta sichita. Ku Dzoole? Maso ake anadumpha alendo n'kukagwera pa kanyumba ka kuseri kaja. Loko anali lende pachitseko. Pansi pake panali mapatapata obiriwira a Elifala, limodzi litagadabuka.

Pakhomo ponsepo chitseko chokhala ndi loko chinali chimodzi chokhacho. Mayi ake, pofuna pobisa manyazi awo, anamutuma mwanayo kanthu m'menemo n'kumukhomera kunja. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, Elifala anali yekhayekha mumdima ndi zigubu zisanu za kachasu.

"Luckness, takufunsa," anabwereza a Yosefe. "Ukumudziwa?"

Liwu limodzi lokha, eya, ndipo zaka ziwiri za kudikira zikanathera pabwino. Analimva liwulo lili pa lilime. Anatsegula pakamwa.

"Amayi, kiyi."

A Nambewe anatuzula maso.

"Kiyi wa chiyani iwe? Tayankha amalume ako!"

"Mwamutsekera ndi mowa! Amayi inu, mwana uja mwamutsekera ndi mowa!"

Sanadikirenso kiyiyo. Anadzambatuka, n'kutola nkhwangwa imene inali pamulu wa nkhuni. Chitenje chatsopano chinamasuka n'kugwa m'fumbi, iye osachicheukira. Anatema kamodzi, anatema kawiri, kachitatu loko anagwa pamodzi ndi thabwa lake.

Fungo limene linatuluka m'menemo linafika mpaka pamphasa. Pansi ponse panali matope. Zigubu zonse zisanu zinali chogona, zopanda kanthu. Elifala anali pakona atakumbatira maondo, shati yoyera ija itanyoweratu, mlomo wapansi ukuchucha magazi.

"Ndinagogoda, achemwali," ananong'ona. "Koma kukuwa ndinaopa, ndikanakuonongerani mwambo. Ndiye ndinangoutaya wonse."

Luckness anamukumbatira n'kumudzutsa. Koma munthu amene wakhala chonjuta maola anayi akupuma mpweya wa kachasu sangayende ngati msilikali. Atangoponda panja Elifala anadzandira, anagwa chogwada, n'kusanza pafupi penipeni ndi mphasa ya alendo.

A Nachisale anaimirira, mpango uli pamphuno.

"Achimwene, mwaona?" anatero kwa a Agustino. "Ku Dzoole kuja n'kumeneku. Woweruza zidzukulu zanga uja ndi ameneyu."

"Sanamwe!" Luckness anagwada pamapazi awo, misozi ili chuchuchu. "Mayi, taonani pansipo, wautaya yekha. Fungoli ndi la zovala. Ndikulumbira pali Mulungu, pali manda a bambo anga, mwanayu sanalawe ngakhale dontho."

"Mbuzi yaswera m'nkhokwe, iwe ukuti sinadye chimanga?"

Pamenepo Godwin anatulukira ali wefuwefu, atamva kulira kwa nkhwangwa ali kumsewu. Anayang'ana chitseko chothyokacho, anayang'ana Luckness ali m'fumbi. Kenako anavula jekete lake n'kumufunditsa Elifala, amene ankanjenjemera ngati wa malungo.

"Amayi, Luckness sanandinamizepo chiyambire. Akati sanamwe, sanamwe."

"Anakudyetsa chiyani pakhomo pano iwe?"

"Sanandidyetse kanthu. Chidakwa chimataya mowa? Inu munachionapo?"

A Agustino anaomba m'manja kuti phokoso lileke. Anali munthu wofatsa, wozolowera kuzimitsa moto wa mlongo wawoyo.

"A Yosefe, nkhani yathu tiyambe tayiimika. Zaonekazi n'zochititsa manyazi mbali zonse. Koma tisaweruze ndi mphuno. Lachitatu mnyamatayu abwere ku Ntchisi, adzanene yekha pamaso pa abusa, dzanja lili pa Baibulo, ngati anamwa kapena ayi. Akadzati sanamwe, ife tibweranso kudzamaliza zimene tinayamba."

"Koma akadzakana kulumbira, kapena akadzavomera," anawonjezera a Nachisale, chala chili pamphuno pa mwana wawo, "iwe Godwin pakhomo pano usadzapondenso. Akazi kwathu aliko, odziwa kugwada, osati otema zitseko pamaso pa alendo. Wamva?"

"Ndamva, ndipo ndavomera," anayankha Godwin osaphethira n'komwe. Ankayang'ana Luckness.

* * *

Alendo anachoka osadya. A Yosefe nawo anakwera njinga yawo akupukusa mutu, osatsanzika. Anthu oyandikana nawo, amene anali atadzaza kumpanda ngati kuli gule, anabalalika mmodzimmodzi, aliyense atanyamula nkhani yokagawa kwawo.

A Nambewe anakhala pakhomo pa kanyumba kaja atatambalala, manja ali kumutu.

"Ndimati ndikuthandize, mwana wanga. Kwina konseko kulibe loko. Ndimati ola limodzi lokha, ndinadziwa bwanji kuti azibambo aja achedwa chonchi? Ndinamuuza kuti asakhudze kanthu."

Mako ndi mako, amatero akuluakulu, koma tsiku limenelo Luckness anawadutsa mayi ake ngati chitsa. Akanatsegula pakamwa akananena mawu osabwezeka.

Anamutengera Elifala kuseri kwa nkhokwe ndi beseni la madzi ofunda. Anamuvula shati ija, n'kuyamba kumusukusula ngati mmene ankachitira ali khanda. Mwanayo maso anali pansi. Mlongo wake ankamutsuka bala la pamlomo mtima ukuwawa, komanso ukunyada. Akuluakulu angati a m'mudzimo akanataya zigubu zisanu?

Foni inanjenjemera. Unali uthenga wa Godwin, ndipo Luckness anauwerenga mokweza kuti umulimbitse mtima mlongo wake.

"Amayi sakundilankhula. Princess wayamba kale kundiimbira foni, sindikuyankha. Lachitatu Elifala ndidzamutenga ndekha panjinga. Umuuze kuti lero wandionetsa kuti ndi mwamuna. Usaope Laki, ine ndaima pa mawu ako."

Anayembekezera kuti mwanayo amwetulira. M'malo mwake mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Ukumva kuzizira? Ndikakutengere bulangete?"

"Achemwali."

"Nena."

"Chigubu chomaliza chija chinali cholemera. Pochipendeketsa, mowa unandithira m'manja." Anayang'ana dzanja lakelo. "Kukhosi kunali kutauma. Sindikudziwa kuti dzanja linafika bwanji kukamwa."

Kansalu kamene Luckness ankamupukutira kanagwera m'beseni.

"Unalavula. Elifala, unalavula eti?"

"Ndinameza. Kamodzi kokha. Kenako ndinadziluma mlomo kuti ndisabwereze."

Luckness anamutseka pakamwa ndi dzanja, n'kuunguzaunguza mbali zonse. Kunalibe munthu, nkhuku zokha zikupalasa. Anali atalumbira pa manda a bambo ake. Godwin ananyoza mayi womubala pamaso pa anthu chifukwa cha lumbiro limenelo.

"Wauzanso ndani?"

"Palibe."

"Ndiye zathera pompano. Kamodzi si kumwa. Si iwe unadzitsekera m'menemo. Palibe anakuona, ngakhale Mulungu akudziwa kuti unalimba." Ankalankhula mothamanga, akudzimva yekha kuti mawuwo ndi a mayi ake.

Elifala anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono.

"Mayi Roza amati woterereka n'kunena amadzuka, koma wobisa kamodzi amabisanso kawiri. Innocent, mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi, anapita kwawo kutchuthi, anamwa, n'kubwera osanena. Tonse tinkamuombera m'manja. Mwezi watha anamuika m'manda." Misozi inatsikira pabala lija. "Ndikuopa, achemwali. Kukoma kwake ndikukumvabe pakhosi pano. Ndikakanama dzanja lili pa Baibulo, ndikudziwa kumene ndikathere. Koma ndikakanena zoona, a Godwin apita, ndipo adzati inu ndinu wabodza."

Luckness anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anakhala pansi m'fumbi momwemo, moyang'anizana ndi mlongo wake. Ankamufuna Godwin ndi moyo wake wonse. Ankamufunanso mwana uyu wamoyo. M'mawa wa tsiku lomwelo zinthu ziwirizi zinali chinthu chimodzi.

Foni inayamba kulira m'dzanja lake. Pagalasi panali dzina la Godwin.

Elifala anayang'ana foniyo, kenako anayang'ana mlongo wake m'maso.

"Chimene munene inuyo ndikachita chomwecho, achemwali. Ndikanene chiyani Lachitatu?"